Stanford: yunivesite ya mamendulo 39 imene inafuna kuthetsa matimu 11

[Pa sikirini: mnyamata wovala zakuda zokhazokha, mkono wake wakwezedwa m'mwamba]

Taonani mnyamata uyu. Dzina lake ndi Shane Griffith. Apa ndi mu Marichi 2021 mumzinda wa St. Louis, ndipo wangopambana kumene mpikisano wa masewera ogwetsana wa mayunivesite a ku America, m'gulu la anthu olemera pafupifupi makilogalamu 75. Tsono yang'anitsitsani chovala chakecho. Palibe dzina la sukulu, palibe chizindikiro. Anachita dala. Sukulu yake, Stanford University, inali italengeza kale kuti timu yakeyo ikutha chaka chomwecho.

Takulandirani nonse. Lero tikufuna timvetse kuti zinatheka bwanji kuti imodzi mwa mayunivesite olemera kwambiri padziko lapansi inene kuti ndalama za masewera zaperewera.

Poyamba, Stanford ndi chiyani? Ndi yunivesite yomwe si ya boma, ili ku California, kufupi ndi San Francisco. Anaikhazikitsa ndi Leland Stanford ndi mkazi wake Jane mu 1885 pokumbukira mwana wawo yemwe anamwalira ali ndi zaka 15, ndipo inatsegulidwa mu 1891. Matimu ake amatchedwa Cardinal. Anthu ambiri amaganiza kuti ndi mbalame, koma ayi, ndi mtundu wofiira wa yunifolomu yawo.

Ku America akamati varsity, amatanthauza timu yeniyeni yoimira sukulu, osati ya ongosewera madzulo pochotsa kutopa kwa m'kalasi. Timu yotere imakhala ndi makochi olembedwa ntchito, madokotala, mabwalo akeake, ndipo osewera ambiri amaphunzira pa sikolashipu. Stanford ili ndi matimu otere 36. Pali mpira wa ku America uja wovala zipewa zolimba, basketball, mpira wamiyendo, kusambira, kuthamanga, tenisi, gofu, kupalasa bwato, mpaka masewera a malupanga. Mipikisano yambiri imayendetsedwa ndi bungwe la NCAA.

Ndipo amatha, asakunamizeni munthu. Pali chikho chotchedwa Directors' Cup chimene chimapita ku sukulu yomwe yachita bwino pa masewera onse pamodzi. Stanford inachitenga ka 25 motsatizana, kuyambira nyengo ya 1994-95 mpaka 2018-19. Tiger Woods anasewera gofu pamenepa. John McEnroe anapambana tenisi ya NCAA mu 1978 ali mwana wa sukulu pomwepa. Katie Ledecky ndi Simone Manuel anasambirira timu yomweyi. Pa Olimpiki ya ku Paris mu 2024, ophunzira a Stanford, atsopano ndi akale omwe, anatenga mamendulo 39. Sukulu imodzi, kuposa mayiko ambirimbiri.

[Pa sikirini: 8 Julaye 2020]

Ndiye pa tsiku ili, mliri wa Covid uli pakati, akuluakulu a sukuluyi analengeza kuti matimu 11 atha ikangotha nyengo ya 2020-21. Ogwetsana, volebo ya amuna, opalasa bwato aamuna, a malupanga, hockey ya pabwalo, squash ndi ena. Osewera oposa 240 ndi makochi 22 anakhudzidwa. Chifukwa chomwe anapereka: dipatimenti ya masewera inkayembekezera kuperewedwa ndalama pafupifupi madola 70 miliyoni m'zaka zitatu.

Apa ndi pomwe anthu anagwira pakamwa. Nthawi imeneyo thumba la chuma cha Stanford linali loposa madola 25 biliyoni. Nanga 70 miliyoni n'chiyani pamenepo?

Yankho lili pa mmene ndalamazo zimasungidwira. Gawo lalikulu la thumba lija ndi mphatso zomwe opereka ake anamangirira ku ntchito inayake: iyi ndi ya kafukufuku wa zachipatala, iyi ndi ya malipiro a pulofesa wakuti, iyi ndi yothandiza ophunzira osowa. Sungaitenge n'kukagulira matikiti a ndege a timu ya volebo. Dipatimenti ya masewera imayembekezeredwa kudzipezera yokha ndalama zambiri. Ndipo mwa matimu 36 aja, amene amabweretsa ndalama zooneka ndi mpira wa ku America, kenako basketball ya amuna chapatali. Ndalamazo zimachokera makamaka ku makampani a wailesi yakanema omwe amagula ufulu woonetsa masewerawo. Wosambira uja wa mendulo ya golide amadya za mnzake wa chipewa cholimba. Ng'ombe yokamidwa ndi imodzi, pakamwa n'pambiri.

Mwina mukuti, bwanji osangodula matimu a atsikana kapena kusiya okhawo obweretsa phindu? Lamulo silingalole. Mu 1972 dziko la America linakhazikitsa lamulo lotchedwa Title IX, loletsa tsankho pakati pa amuna ndi akazi pa sukulu iliyonse yolandira ndalama za boma, ndipo mayunivesite omwe si a boma nawonso amalandira, za kafukufuku ndi zothandizira ophunzira. Timu ya mpira wa ku America yokha imakhala ndi anyamata oposa 100, choncho sukulu iyenera kupereka mwayi wofanana kwa atsikana. Ine ndimaona kuti lamuloli ndi limene linapangitsa Stanford kukhala Stanford: zikho zake zambiri zabwera ndi akazi. Kochi Tara VanDerveer wa basketball ya atsikana anapuma ntchito mu 2024 atapambana masewera 1,216 pa ntchito yake yonse.

Tibwerere kwa Griffith. Atapambana, anavala juzi yolembedwa mawu opempha kuti timu ya ogwetsana isathe, dziko lonse likuonera. Ophunzira akale anali atapanga kale gulu lotchedwa 36 Sports Strong, akusonkhetsa malonjezo a ndalama, ndipo osewera ena anakasuma kukhoti. Mu Meyi 2021 sukulu inabweza mawu. Matimu onse 11 anapulumuka.

Koma ng'ombe ija inadwalanso. Stanford inkasewera mu ligi ya Pac-12, ya masukulu a kumadzulo kwa America. Mu 2022 mayunivesite a USC ndi UCLA analengeza kuti akupita ku ligi ina ya Big Ten komwe ndalama za wailesi yakanema n'zambiri. Mu Ogasiti 2023 Oregon ndi Washington anatsatira, ena anathawira ku ligi ya Big 12, ligi n'kuphwasuka. Stanford ndi mnansi wake, yunivesite ya Cal, anasowa kolowera, mpaka anapempha malo ku ligi ya ACC, ndipo analowa mu 2024 atavomera kulandira gawo lochepa la ndalama m'zaka zoyambirira.

Imvani dzina la ligiyo: Atlantic Coast Conference. Ligi ya m'mbali mwa nyanja ya Atlantic. Stanford ili kufupi ndi Pacific. Kukasewera ndi yunivesite ya Duke ku North Carolina ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 4,000, ndipo nthawi imasiyana ndi maola atatu. Wa mpira wa ku America amasewera kamodzi pa sabata, zimapiririka. Koma mtsikana wa volebo, amene sanapangitse nawo chisankhochi, amachita homuweki m'ndege, Lolemba m'mawa ali mu labu.

Pamwamba pa izo pabwera bilu yatsopano. Kuyambira pa 1 Julaye 2021 osewera amaloledwa kupeza ndalama pogwiritsa ntchito dzina ndi chithunzi chawo potsatsa malonda. Ndipo mu Juni 2025 khoti linavomereza mgwirizano wolola masukulu kulipira osewera mwachindunji, mpaka pafupifupi madola 20.5 miliyoni pa sukulu m'chaka choyamba. Ndalamazo zikuyenera kutuluka m'dipatimenti yomwe ija inkati singathe kusunga timu ya ogwetsana.

Kumapeto kwa 2024 Stanford inaitana Andrew Luck, yemwe anali katswiri wawo asanapite ku NFL (ligi yaikulu ya akatswiri a mpira wa ku America), kuti akhale mkulu woyang'anira timu ya mpira wa ku America. Ntchito yake ina ndi kupeza osewera abwino, ina ndi kugogoda pa makomo a ophunzira akale olemera. Matimu 35 enawo maso ali pa iye.