Masters yotani ingakuthandize kulowa sukulu ya udokotala wa mano ku America

Eya, ndamva uthenga wako mwanawe, wofunsa masters imene ingakuthandize kulowa sukulu ya mano kuno ku America, wa amayi ako ndamvanso. Alamu, mumvere nawo, chifukwa mbali ina ikukhudza thumba lanu. Nditalikitsa pang'ono, uzingoimitsa n'kumalemba.

Choyamba... ayi, tisanafike ku mayina a masukulu, tenga kaye transcript yako, chikalata cha magiredi ako onse chija, pepala ndi cholembera. Mayina abwera. Masters siithandiza aliyense. Imakonza chinthu chimodzi chokha, malikisi ofooka a sayansi. Ngati vuto lako lili pena, ndalamazo zingolowa m'madzi.

Alamu, ndikudziwa mukudabwa kuti mwana wamaliza digiri, bwanji osangolowa. Kwathu ku KUHeS ku Blantyre, maphunziro a mano aja anayamba mu 2019 mothandizana ndi University of Glasgow, munthu amawachita ngati digiri yoyamba. Kuno n'zina. Digiri yoyamba kaye, zaka 4, kenako zaka zina 4 za DDS kapena DMD. Awiriwa ndi mayina chabe, digiri ndi imodzimodzi. Ndiye polowera pamenepo mpamene pali mpikisano.

Tsono iwe. Fomu imene masukulu ambiri amagwiritsa ntchito ndi ya ADEA AADSAS. Iwowa GPA, avareji ya magiredi ija, imene yalembedwa pansi pa transcript yako saitenga ayi. Amawerengera okha, phunziro ndi phunziro. Amatulutsa GPA ya zonse, GPA ya sayansi, ndi ina amaitcha BCP, ndiye kuti biology, chemistry ndi physics pazokha. Ndipo, umve bwino apa, ngati unalakwa organic chemistry n'kubwereza, koleji yako mwina inafufuta F uja n'kusiya B. AADSAS imawerenga onse awiri. F ndi B yemwe. Ana ambiri amadzidzimuka pamenepa, amati ndili ndi 3.2, fomu ikatsimikizidwa akuona 2.9. Ndiye werengera wekha usanachite china chilichonse. Giredi iliyonse uchulukitse ndi makirediti ake, A ndi 4, B ndi 3, C ndi 2, F ndi 0, uphatikize, ugawe ndi makirediti onse. Uchite kawiri, kamodzi maphunziro onse, kenako a BCP okha. Ndi aja unachita ku community college nthawi ya tchuthi uwaikemo, nawonso amalowa.

Ukapeza manambalawo, ona pamene waima. Ngati BCP ili bwino, tinene 3.4, 3.5, koma DAT, mayeso olowera sukulu ya mano aja, ndi imene inakugwetsa, masters isiye. Lembanso DAT. Umadikira masiku 60 usanalembenso, ndipo mtengo wake suyandikira n'komwe fizi ya chaka chathunthu. Ngati pali maphunziro ofunikira amene sunachite, monga organic chemistry yachiwiri ndi labu yake, physics, biochemistry, kapena unapeza pansi pa C, amenewo ukachite ngati maphunziro a digiri yoyamba, zimene amati post-bacc. Masters nthawi zambiri siitseka mpata umenewo. Koma ngati zonse unachita, ndipo sayansi yaima cha m'ma 2.8, 2.9, 3.0, 3.1, ehee, iweyo ndi amene masters inapangidwira.

Koma usayembekeze zodabwitsa pa GPA ya zonse. Tiye tiwerengere. Makirediti 120 pa 2.9 ndi mapointi 348. Wachita masters ya makirediti 32, wapeza 3.8, ndiye kukhoza bwino kumeneko, ndi mapointi 121.6. Phatikiza, gawa ndi 152. Ukupeza 3.09. Basi. Zili ngati kuthira kapu ya madzi otentha mu ndowa ya madzi ozizira, amangofunda. Ndiye phindu lili pati? Pawiri. Choyamba BCP imasuntha kwambiri chifukwa makirediti ake ndi ochepa. Makirediti 50 pa 2.6, kuwonjezera 30 pa 3.8, yafika 3.05. Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu, AADSAS imaonetsa GPA ya masters pa mzere wakewake. Wowerenga fomu amaona 2.9 ya kale, pansi pake 3.8 ya chaka chatha, m'maphunziro ovuta kuposa akale aja. Chimene ukugula ndi mzere umenewo.

N'chifukwa chake mtundu wa masters... dikira, ndinene kaye za MPH, chifukwa amayi ako anaitchula. Alamu, public health ndi digiri yabwino, ntchito zake ziliko, kwathu imalemekezeka. Koma funso limene komiti yosankha ana olowa sukulu ya mano ili nalo pa mwanayu ndi lakuti, kodi angapirire anatomy, physiology, biochemistry, histology ndi microbiology zonse pa kamodzi? MPH siiyankha funso limenelo, ndipo ambiri mwa maphunziro ake salowa mu BCP. Alipo amene anauzidwa zimenezi, n'kunena kuti ayi, masters ndi masters. Zaka ziwiri, 3.9 yokongola, kutumiza fomu, zii. BCP idakali pomwe inali. MBA chimodzimodzi. Ngakhale masters ya kafukufuku, ya thesis ija, usamale nayo. Makirediti ambiri amakhala a mu labu, magiredi ake aliyense amapeza A, komiti imadziwa zimenezo. Komanso ndi zaka ziwiri kapena kuposa, ndipo masukulu ena a mano amafuna umalize digiri imene unayamba usanalowe. Thesis ikachedwa, malo aja ali pa chiswe.

Imene ukufuna ndi ya maphunziro a m'kalasi, ya chaka chimodzi kapena chaka ndi theka, biomedical sciences kapena oral health sciences. Ndipo yabwino koposa ndi imene umakhala m'kalasi limodzi ndi ana a chaka choyamba a sukulu ya mano, mayeso amodzimodzi. Ku Boston University kuli MS in Oral Health Sciences, ana ake amachita maphunziro ena pamodzi ndi a DMD. Ku Rutgers, ku Newark, masters yawo ya biomedical sciences ili ndi mbali ya ofuna za mano, nawonso amatenga maphunziro ena a sukulu ya mano. Midwestern University, ku Glendale ku Arizona ndi ku Downers Grove ku Illinois, ili ndi ya chaka chimodzi ndi ya zaka ziwiri, ndipo masukulu a mano ali pomwepo. Barry University ku Florida ilibe sukulu ya mano, koma masters yake ofuna za mano amapitako ambiri. Meharry ku Nashville nayonso ili nayo. Sindikukusankhira, ndikungokupatsa poyambira. Ubwino wokhala m'kalasi limodzi ndi wakuti aphunzitsi amene adzakulembere kalata akhoza kunena kuti mwanayu analemba mayeso a ana athu ndipo anaposa ambiri. Kalata yotero imalemera.

Ndiye uwaimbire foni kapena uwalembere imelo, usangokhulupirira zimene zili pa tsamba lawo. Akalemba kuti ana athu ochuluka chonchi amalowa m'masukulu a udokotala, uwafunse kuti, anayamba angati? Anamaliza angati? Mwa amenewo, ofuna za mano anali angati, ndipo analowa angati, chaka chomwecho kapena patatha zaka ziwiri, ndipo analowa kuti? Chifukwa nambala ija nthawi zina amawerengera amene anamaliza okha, amene anasiyira panjira sawatchula, ndipo amasakaniza a mano ndi a udokotala wina. Akamazemba kuyankha, wadziwa kale.

Chinanso, mawu akuti guaranteed interview. Alamu, apa mpamene makolo amasangalala msanga. Akulonjeza intavyu, sakulonjeza malo. Intavyu. Ndipo lonjezolo lili ndi malire ake, GPA yakutiyakuti pofika semesita yakuti, DAT yakutiyakuti, nthawi zina popanda C ngakhale mmodzi. Upemphe zimenezo zolembedwa. Uonenso DAT imene akutchula ili pa muyeso uti, chifukwa kuyambira Malichi 2025 malikisi a DAT ndi 200 mpaka 600, osati 1 mpaka 30 monga kale. Masamba ena amasonyezabe manambala akale.

Tsopano nthawi. Apa ndikhalitsapo chifukwa mpamene anthu amagwa, ngakhale amene anasankha sukulu yabwino. Masters zambiri zimayamba mu Ogasiti. Fomu ya AADSAS imatsegulidwa mu Meyi, kutumiza kumayamba kumayambiriro kwa Juni. Ukuona vuto? Ndibwereze. Juni fomu, Ogasiti masters. Ukatumiza fomu Juni uno, masters usanayambe, mu fomu mulibe giredi ya masters ngakhale imodzi. Komiti ikuona 2.9 yomwe ija, ndi lonjezo chabe kuti mwanayu akukaphunzira. Magiredi ako oyamba atuluka mu Disembala. Inde, AADSAS ili ndi nthawi imene amalola kuwonjezera magiredi atsopano, amati Academic Update, ukhoza kuika a semesita yoyamba. Koma masukulu amayamba kupereka malo pa 15 Disembala, ndipo ma intavyu amakhala atayamba kalekale, miyezi ingapo m'mbuyo. Amaitana anthu mafomu akamafika, sadikira kuti onse akwane. Ndiye magiredi ako akufika malo ambiri atapita kale, ndipo kwina fomu yako inasefedwa ndi manambala isanawerengedwe n'komwe.

Ndiye njira ndi ziwiri... ayi, ndinene chonchi. Wa 3.2 kapena 3.3, wa DAT yabwino, akhoza kutumiza asanayambe, n'kuwonjezera magiredi mu Disembala, zimatheka. Makamaka ku sukulu yomwe akuchitira masters, chifukwa iwowo amadikira magiredi a ana awo. Koma iwe wa 2.9, ine ndinganene kuti maliza kaye. Umalize mu Meyi, utumize Juni wotsatirayo ndi magiredi onse, makalata atsopano, ndiye ulowe sukulu ya mano Ogasiti wa chaka chinacho. Inde alamu, ndiye kuti pali chaka chodikira pakati. Chaka chimenecho akagwire ntchito ku chipatala cha mano ngati wothandizira dokotala, apezeko ndalama, awonjezere maola oonerera ntchito. Ana safuna kumva zimenezi. Wina amatumiza mafomu ku masukulu 15 chifukwa cha changu, kulipira iliyonse, ena amafunanso ndalama yawo yapadera, kenako chaka chamawa kutumizanso, ndipo tsopano akuoneka ngati wobwereza amene akuyenera kufotokoza chimene chasintha.

Mu nkhani ya nthawi yomweyi muli DAT. Masukulu ambiri salandira DAT yopitirira zaka zitatu, ena ziwiri. Werengera kuchoka tsiku unalemba kufika Juni amene udzatumize, usadzapeze kuti yatha mphamvu. Ndipo ngati ukufuna kulembanso, ulembe masters isanayambe kapena itatha. Pakati ayi. Semesita yoyamba ayi ndithu. Organic chemistry ya DAT, ndi mbali ija ya kuona zithunzi ndi makona, perceptual ability, zimafuna masabata ake. Ukaziphatikiza ndi biochemistry ya sukulu ya mano, zonse ziwiri zitsika.

Kutsika kumeneku ndiye choopsa chenicheni. 2.9 ya digiri yoyamba ili ndi chowiringula, unali mwana, unkagwira ntchito usiku, unali usanazolowere. Koma 3.1 ya masters ilibe chowiringula. Wawapatsa wekha umboni wakuti maphunziro awo sungawathe. Ulinge 3.6 kupita m'mwamba, 3.7 ndiye bwino. Ndiye ntchito ya mashifiti ija, maola 30 pa sabata, uisiye chaka chimenecho kapena uichepetse kwambiri. Ngati simungakwanitse kuti aisiye, alamu, kuli bwino adikire chaka, musunge kaye. Amene amati ndizigwira usiku, masana kalasi, mayeso oyamba a mu Seputembala amawauza zoona, ndipo C mmodzi wa makirediti 6 kumukweza ndi ntchito.

Ndalama. Fizi ndi madola masauzande makumi angapo, kuwonjezera lendi, ndipo lendi ya ku Boston si ya ku Nashville. Onani kaye ngati yunivesite ya boma ya m'dera lanu ili ndi masters yotere, imatsika mtengo. Za ngongole ya boma, malamulo anasintha. Kuyambira pa 1 Julaye 2026 ngongole ya Grad PLUS kwa obwereka atsopano kulibe. Wa masters malire ake ndi madola 20,500 pa chaka, wa sukulu ya mano 50,000 pa chaka, zonse pamodzi osaposa 200,000. Sukulu ya mano payokha imadya zoposa pamenepo m'malo ambiri, ndiye musamalize mphamvu zonse pa masters.

Iwe uli ndi green card, zako zapepuka. Koma msuweni wako uja wa viza ya ophunzira, ya F-1, umuuze izi. Ngongole ya boma sapeza. Masukulu ena a mano, makamaka a boma, salandira ana ochokera kunja, kapena amatenga ochepa kwambiri, ndiye ayambe waona mndandanda wa amene amalandira, kenako asankhe masters yolumikizana ndi amenewo. Masters ya pa intaneti kwa iye siitheka, viza imalola phunziro limodzi lokha la pa intaneti pa semesita kuti liwerengedwe. Ndipo amene digiri yake yoyamba ndi ya kwathu, ya ku Zomba kapena ku Mzuzu, mapepala amayamba apita ku WES kapena ECE, mabungwe ounika madigiri a kunja, komabe masukulu ambiri amafuna maphunziro ofunikira aja achitidwe kuno kapena ku Canada. Kwa amene ali kale dokotala wa mano, wa BDS, njira yake ndi inanso, ya fomu ya CAAPID, maphunziro ake zaka ziwiri kapena zitatu, zimenezo ndidzanena padera.

Aa, ndaiwala Texas. Masukulu a boma a ku Texas ali ndi fomu yawo, TMDSAS, ndipo malo pafupifupi onse amasungira anthu a komweko. Ngati sukhala ku Texas usawerengerepo kwambiri.

Ndiye unditumizire zinthu zitatu, BCP imene wapeza utawerengera wekha ndi F uja ali momwemo, tsiku limene unalemba DAT ndi malikisi a mbali iliyonse, osati apakati okha, ndi mayina a masters anayi amene ukuwaganizira. Uonenso masiku awo otsekera, chifukwa ena amadzaza asanafike tsiku limene analemba. Alamu, za lendi tikambirana Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi.