Lamlungu langa pakati pa anamgumi

Moni abale anga a ku Mzuzu, a ku Chibavi, Katoto, Mchengautuwa, ndi inu amene mukumvera muli m'minibasi yotsikira ku Nkhata Bay. Mukamva phokoso musadabwe, ndi mphepo. Ndakhala pathanthwe, nyanja ili pansi pangapa.

Kuno ndi ku Hermanus, makilomita pafupifupi 120 kuchokera ku Cape Town. Ndimasamalira maluwa panyumba ina yogona alendo. Kale dzina la tauniyi linali lalitali, Hermanuspietersfontein, potengera mphunzitsi wina, Hermanus Pieters, amene ankadyetsa nkhosa pafupi ndi kasupe wa kuno. Mu 1902 a positi analidula. Siteshoni ya sitima anamanga, koma njanji sinafike mpaka lero.

Ine ndinakulira pa nyanja yathu, tchuthi chilichonse kwa agogo ku Nkhata Bay, ndiye ndinkati madzi ndikuwadziwa. Awa ndi ena. Ndi amchere, ozizira ngati m'mawa wa Juni ku Mzuzu, ndipo mafunde ake akamenya miyala pansi pamanjenjemera. Padoko lakale, lomwe pano ndi malo osungirako mbiri, pali maboti a asodzi akalekale. Ndikawaona ndimamva fungo la usipa pathandala.

Koma chimene chimakoka alendo ndi anamgumi. Kuyambira Juni mpaka Novembala amachoka ku madzi ozizira a kum'mwera kudzaberekera muno mu Walker Bay. Sufunika boti ayi. Pali kanjira kodutsa pamwamba pa matanthwe, makilomita pafupifupi 12, umangoyenda n'kumawaonera pomwepo. Pali ngakhale munthu wolembedwa ntchito yoliza lipenga lopangidwa ndi chomera cha m'nyanja, kudziwitsa anthu kuti aonekera.

Lamlungu lapitali nditaweruka kutchalitchi ndinaona mmodzi, wamkulu kuposa basi, kamwana kali pambali. Akamira, nako kamira. Akatulutsa mpweya m'mwamba, nako katulutsa. Alendo ankajambula, ine manja anangoti lende. Ndinakumbuka wanga amene ndinamusiya akukwawa ku Chiputula, pano akuti wayamba sitandade 1.

Amayi, ndikudziwa mumamvera pafoni ya achimwene. Mumuuze kuti nsomba ija ndinamulonjeza kuti ndidzamujambulira ndaiona, koma sindinajambule. Lamlungu likubwerali ndibweranso pathanthwe lomweli.