The Iron Lady: mmene Meryl Streep anasandukira Mayi Thatcher, ndi usiku wa ku Lusaka umene filimu inasiya

Moni nonse, kaya mukuonera ku Matero, ku Chilenje, kapena muli mu minibasi yoima pa jamu ya Great East Road. Tiyambe ndi mkaka.

Filimu ya The Iron Lady, imene inatuluka mu 2011, imayamba ndi gogo wa mpango kumutu akugula mkaka m'kashopu ka ku London. Palibe amene akuwazindikira. Gogoyu ndi Margaret Thatcher, nduna yaikulu ya Britain kuchokera mu 1979 mpaka 1990. Odziwa mbiri amaseka chamumtima akauona mkakawo, chifukwa mu 1971, ali nduna ya maphunziro, mayiwa anathetsa mkaka waulere wa ana a sukulu a zaka 7 mpaka 11, anthu n'kuwapatsa dzina loti wolanda mkaka.

Amene akusewera gogoyu ndi Meryl Streep, mayi wa ku America, wobadwa mu 1949. Ntchito yake yaikulu ili m'mawu, ndipo mawuwo ndi amitundu itatu. Oyamba ndi a Thatcher asanakhale mtsogoleri wa chipani cha Conservative mu 1975: ang'ono, okwera, aja aphungu aamuna ankawaseka m'nyumba ya malamulo. Achiwiri ndi ophunzitsidwa. Mlangizi wawo Gordon Reece anawauza kuti atsitse mawu ndi kuyankhula pang'onopang'ono, ndipo mufilimu amawavulitsanso chipewa, koma mkanda wa ngale amakana kuuvula. Achitatu ndi a ukalamba, osasa, othera m'njira.

Bwezerani pamene akuyankha mafunso m'nyumba ya malamulo, mumvetsere mpweya. Streep sapuma pamene chiganizo chathera. Amapuma pakati, pamalo pamene simukuyembekezera, ndiye akafika kumapeto amalowa m'chiganizo china osasiya mpata woti wina alowerere. Thatcher weniweni ankagonjetsa atolankhani motero. Osewera ambiri amalakwitsa apa: amatengera kamvekedwe kokha, n'kumveka ngati anyamata oseketsa aja otsanzira mapulezidenti paukwati. Munthu amaseka mphindi ziwiri, osati mphindi 105 za filimu yonse.

Nkhope inapangidwa ndi Mark Coulier ndi J. Roy Helland. Pa Thatcher wa zaka za ulamuliro anawonjezera zochepa: mano oikirira otuluka pang'ono, kachidutswa pamphuno, ndi wigi. Manowo si a maonekedwe okha, amasintha mmene lilime limagundira, choncho amathandizanso mawu. Pa gogo uja anamata zidutswa za silikoni m'masaya ndi m'khosi. Chinsinsi chake n'kupyapyala. Silikoni ikanenepa nkhope imauma, wosewera akamwetulira khungu silitsatira, ndipo kamera ikayandikira mzere wa guluu umaonekera. Yang'anani khosi pamene gogoyo akumeza: limagwedera limodzi ndi mnofu weniweni. Coulier ndi Helland analandira mphoto ya Oscar mu 2012, usiku womwewo umene Streep analandira yake yachitatu, patatha zaka 29 chilandirire yachiwiri.

Vuto lili m'kamangidwe ka nkhani. Wolemba, Abi Morgan, ndi wotsogolera, Phyllida Lloyd, anasankha kuti zonse tizione kudzera m'mutu mwa gogo wodwala matenda oiwala, akucheza ndi mwamuna wake Denis, amene anamwalira mu 2003. Jim Broadbent amasewera Denis bwino, koma nthawi yambiri imathera pa kulongedza masuti ndi nsapato za malemuyo. Ndale zimangodutsa ngati nyumba za m'mbali mwa msewu basi ikuthamanga. Nkhondo ya ku Falklands ya 1982 imapatsidwa mpata, bomba la ku Brighton la 1984, limene anatchera Thatcher, limaphulika, koma sitiraka ya a m'migodi ya malasha, imene inatha pafupifupi chaka chathunthu, imangokhala zithunzi zakale ndi nyimbo. Wa ku Kitwe kapena ku Chingola, amene amadziwa zimene zimachitika m'komboni mgodi ukatsekedwa, sangakhutire nazo. Ndipo filimuyi inatuluka mwini wake ali moyo, poti anamwalira mu 2013, moti David Cameron, nduna yaikulu panthawiyo, anadandaula kuti yafulumira.

Malo amodzi amene sewero ndi ndale zimakumana ndi pamsonkhano wa nduna mu 1990, Thatcher akunyoza wachiwiri wake, Geoffrey Howe, pamaso pa anzake chifukwa cha zolakwika m'chikalata. Anthu atatuluka, manja a Streep amanjenjemera pathebulo. Howe anatula pansi udindo pa 1 November, ndipo mwezi usanathe mayiwo anali atachoka ku Downing Street, kunyumba ya nduna yaikulu.

Tsopano za kwathu, zimene mufilimu mulibe. Mu August 1979, atangolamulira miyezi itatu, Thatcher anabwera kuno ku Lusaka ku msonkhano wa Commonwealth. Nkhani inali ya Rhodesia, ndipo nyuzipepala zathu sizinawalandire ndi manja awiri. Komabe anagwirizana ndi atsogoleri enawo zoitanitsa zokambirana za ku Lancaster House ku London, zimene zinabala Zimbabwe mu April 1980. Usiku wina wa msonkhanowo anavina ndi a Kaunda, chithunzi chake n'kuzungulira dziko lonse. Patapita zaka anayambananso pa zilango za chuma zokhaulitsa boma la tsankho la South Africa, mpaka Zambia inakana kupita ku masewero a Commonwealth a ku Edinburgh mu 1986.

Filimu imathera kukhitchini. Thatcher ali mtsikana anauza Denis kuti sangafe akutsuka kapu ya tiyi. Gogoyo akutsuka kapu, kenako akutuluka m'chipindamo yekha.