Poyamba mpikisano, osathithikana pa boti la oyang'anira

Zikomo a mfumu, zikomo makolo nonse amene mwabwera, anyamata kumbuyoko takhalani pansi timvane. Nonse mwamva zimene zinachitika Loweruka pa doko pano, maboti a thanga atatu kugundana mpikisano usanayambe nkomwe, mwana mmodzi kumenyedwa pamutu ndi mtengo wa m'munsi mwa thanga mpaka kugwera m'madzi. Mwayi wake anali atavala jekete yoyandamitsa ija. Nde ndamva amayi ena akuti ana asiye zamatangazi, ine ndikuti ayi amayi, nyanja sinalakwe, ana aja anakathithikana malo amodzi, pa boti la oyang'anira. Osathithikana pamenepo.

Mzere woyambira suoneka ngati wa pa bwalo la mpira, umangokhala pakati pa boti la oyang'anira mpikisano ndi boya uja, chizindikiro choyandama pamadzi chija. Mbendera yoyamba ikakwera kwatsala mphindi 5, yachiwiri ikakwera 4, yachiwiriyo ikatsika yatsala imodzi, yoyamba ija ikatsika basi mwayamba. Nthawi amawerengera pa mbendera osati huta, poti mwera ukakalipa huta simuimva nkomwe. Koma inu maso kumtunda kuyang'ana anzanu akukuimbirani m'manja, mbendera yatsika kalekale, kenako nonse chigulu kuthamangira pampata umodzi ngati mwaona usipa wotsika mtengo.

(Agogo ena: Koma aphunzitsi, ife tapalasa nyanja ino chibadwire, wamphamvu ndi amene amatsogola, zoti wina apatukire mnzake zachokera kuti?)

Agogo mwafunsa bwino, ndipo nyanjayi mumaidziwa kuposa ine. Koma bwato lanu mukaimika nkhafi m'madzi limaima, mukhoza kubwerera nalo mmbuyo, pomwe boti la thanga lilibe mabuleki, mphepo ikadzaza thanga likupita basi. Nchifukwa chake pali malamulo ndipo ndi omwewo dziko lonse, ngakhale alendo aja amabwera ndi maboti a mimba ziwiri pa mpikisano waukulu wa mu July, wochoka kuno kummwera kulowera kumpoto, amatsata omwewa. Amene mphepo ikumumenya kuchokera kudzanja lamanja la boti ndiye mwini njira, amene ikumumenya kumanzere apatuke. Ngati nonse ikukumenyani mbali imodzi, amene ali kumtunda kwa mphepo, kumene ikuchokera, apatukire wam'munsi, amene ali kumene ikulowera. Nde taonani agogo, mwana uja anabwera chakumtunda kufuna kudzipanikiza pakati pa mnzake ndi boti la oyang'anira, pomwe lamulo silimupatsa malo pamenepo olo pang'ono, mnzakeyo anali ndi ufulu wotseka. Anatsala ndi pothawira? Analibe. China, thanga limaba mphepo. Mukaima kuseri kwa nyumba nthawi ya mwera simumva kuzizira eti? Kuseri kwa matanga anayi ndi chimodzimodzi, lanu limangokupiza ngati chitenje pa chingwe, boti osayenda, chiwongolero osamvera, wina akabwera mulibe mphamvu yomulewa. Mphamvu za m'manja apa sizithandiza agogo, chimathandiza ndi malo a mphepo yoyera. Nchifukwa chake ndikubwerezanso, osathithikana pa boti la oyang'anira.

Ndaona ena ayamba kuyang'ana dzuwa, ndifulumire. Fikani msanga, imani pamzere mulozetse mphuno ya boti kumene mphepo ikuchokera, mbali imene mphuno yapendekera ndiyo yabwino, koma ikadzaza anthu isiyeni, tsikani pang'ono. Muli ku boti la oyang'anira yang'anani kupyola boya mupeze chizindikiro kumtunda, kaya mlambe kaya denga la mzikiti, chikuuzani pamene mzere uli, poti pakati ambiri amatsalira mmbuyo ndi mantha. Yesani muone masekondi angati amakufikitsani pamzere. Siyani mpata m'munsi mwanu woti mutsikiremo kutenga liwiro masekondi 10 omaliza. Mukadumpha mzere nthawi isanakwane bwererani mukayambenso, mukalakwira mnzanu tulukani pagulu muzungulire kawiri.

Loweruka 7 koloko tiyeserera kuyamba kokhakokha, kasanu, wopanda jekete sakwera. Amayi mubwere mudzaime pa mchenga pompano muone nokha, ndipo mukaona wanu akuthamangira ku boti la oyang'anira lija mukuwe, ine ndakulolani.