Zitsamba za ku China ndi sitiroko ya mtsempha wotsekeka

Zikomo amfumu, amayi ndi abambo nonse. Amayi akumbuyoko afunsa za mankhwala a ku China amene anthu amati amadzutsa munthu wofa ziwalo.

Sitiroko ili pawiri. Ina mtsempha wa muubongo umatsekeka ndi magazi oundana, ndipo yofala ndi imeneyi. Ina mtsempha umaphulika, magazi n'kutayikira muubongo. Pamaso zimafanana: kamwa kupotoka, mkono kulefuka, lilime kulemera. Wozisiyanitsa ndi makina ounika m'mutu basi, monga a CT scan.

Ku China zitsamba zimenezi n'zakalekale ndithu. Sing'anga wina, Wang Qingren, mu 1830 analemba msakanizo wotchedwa Buyang Huanwu, wa mizu ya huangqi, zitsamba zina, ngakhalenso nyongolotsi zouma, wothandiza ofa mbali imodzi. Mpaka lero ukugwiritsidwa ntchito. Koma mvetsetsani apa. M'zipatala zakumeneko dokotala amayamba waunika mutu, n'kupereka mankhwala achipatala, zitsambazo zimabwera pambuyo ngati zowonjezera.

Nanga zimachiritsa? Umboni wake sunakhwime. Mankhwala a NeuroAiD, opangidwa kuchokera ku zitsamba za ku China, anayesedwa pa odwala pafupifupi 1,100, ndipo zotsatira za mu 2013 zinaonetsa kuti patatha miyezi itatu omwa sanasiyane kwenikweni ndi omwe sanamwe.

Chimene chimandidetsa nkhawa, abale anga, ndi ichi. Muzu wofiira wotchedwa danshen umachedwetsa magazi kuundana. Mukampatsa munthu amene mtsempha wake waphulika, mwawonjezera kutayika kwa magazi. Womwa warfarin, mankhwala achipatala oletsa magazi kuundana, nayenso ali pangozi akamwa danshen. Palinso kambulunga kodula kwambiri, Angong Niuhuang, kamene mabanja ena ku China amasunga m'nyumba; mkati mwake muli miyala yokhala ndi poizoni wa mercury ndi arsenic. Ndiye taganizani wodwala ali gone, sakutha kumeza, wina akumuthira madzi osungunulira mankhwala m'kamwa ndi supuni. Madziwo amalowera kumapapo, chibayo n'kuyamba.

Mukaona kamwa lapotoka, musamwetse kanthu, ngakhale phala. Mugonekeni chammbali, yang'anani nthawi imene zayambira, pezani galimoto. Mankhwala osungunula magazi oundana, kumene alipo, amaperekedwa maola anayi ndi theka asanathe. Ngati wodwalayo amamwa kale zitsamba zilizonse, tengani botolo lakelo mukawaonetse adokotala.