Nkhondo isanayambe, ife anthu wamba tingachitepo chani? Zoyankhulidwa pa msonkhano ku Nkhotakota

Zikomo a gulupu, a shehe, abusa, amayi ndi abambo nonse, ndi inu achinyamata mwaima kumbuyo uko sunthirani pafupi timvane. Ndikudziwa ena mwasiya maukonde pagombe, ena mpunga kudimba, ndiye sindikutayirani nthawi.

Ndiyambire 2012, ambirinu mukukumbuka. Boma lathu linali litapereka chilolezo ku kampani ya Surestream choti ifufuze mafuta pansi pa nyanjayi, a Tanzania nkunena kuti ayi, kumpoto uko malire adutse pakati pa madzi, ife nkumati pangano la 1890 la Britain ndi Germany lija linaika malire kugombe la kwawo. Pa wailesi tinayamba kumva andale ena akutchula za asilikali. Mwamwayi nkhani inapita kwa a Joaquim Chissano, a Thabo Mbeki ndi a Festus Mogae, atsogoleri akale a Mozambique, South Africa ndi Botswana, kuti akhale amkhalapakati, mfuti sizinalire, komabe mkanganowo sunathe mpaka lero. Tsono chimene chimandiwawa ine nchakuti masiku amenewo ife tonse tinangokhala kumvera wailesi basi, nyanja ndi yathu, amene amapita usiku kukapha usipa ndi ana athu, koma palibe anaitanitsa ngakhale msonkhano umodzi ngati uno.

Ine nkhondo sindinamenyepo koma zotsatira zake ndinaziona ndi maso. Ndinkaphunzitsa ku Dedza kufupi ndi malire, nthawi imene anzathu aku Mozambique ankathawa nkhondo ya Renamo ndi Frelimo, ndipo amene anathawira kuno anafika pafupifupi 1 miliyoni. Mayi wina anafika pakhomo panga m'mawa, mapazi atatupa atang'ambikang'ambika, pamutu atasenza poto mmodzi yekha, mwana kumbuyo sakuliranso, wangoti zii. Ndinawapatsa phala, iwo anayamba amwetsa mwana ndi chala pang'onopang'ono, osayankhula kanthu. Nkhondo imeneyo inatha pa 4 October 1992 atasainirana ku Rome, ndipo amene anakhalitsa pansi mbali ziwirizo anali a gulu la mpingo la Sant'Egidio, anthu opemphera ngati inu ndi ine, opanda mfuti.

Tsono funso nlakuti kodi mademo angaletse nkhondo? Ndikuuzeni zoona zake, osakunamizani. Pa 15 February 2003 anthu m'mizinda mazanamazana anatuluka kukana kuti America ndi Britain asakamenye Iraq, ku London kokha anali pafupifupi 1 miliyoni, ku Rome kuposa pamenepo. Koma pa 20 March nkhondo inayambabe, a Bush ndi a Blair sanamve. Ndiye wina anganene kuti anangotaya nthawi, koma taonani izi. Ku Turkey anthu anakana mwamphamvu, ndipo pa 1 March aphungu awo anakanika kuvomereza kuti asilikali a America adutsire m'dziko mwawo. Canada nayo inakana kulowa nawo nkhondoyo. Phungu akaona kuti anthu a kudera kwake akwiyadi, amaganiza kawiri asanakweze dzanja, chifukwa akudziwa kuti adzabweranso kudzapempha voti.

Koma nkhani imene ndikufuna muitenge kwambiri ndi ya amayi aku Liberia, chaka chomwecho cha 2003, chifukwa ikufanana ndi kwathu kuno. Kumeneko nkhondo inali itayamba kale ndipo zigawenga zinkayandikira likulu lawo la Monrovia. Mayi wina dzina lake Leymah Gbowee anayamba ndi amayi a kutchalitchi, kenako mayi wina wachisilamu yemwe anali wapolisi, Asatu Bah Kenneth, anati nanenso ndikaitana anzanga a kumzikiti. Sanayambe ndi kuguba ayi. Anayamba ndi kuyenda, Lachisanu kumzikiti, Loweruka kumsika, Lamulungu kutchalitchi, kuyankhula ndi mayi mmodzimmodzi. Atachuluka mpamene anavala zoyera nkukakhala pansi pabwalo lapafupi ndi msika wa nsomba, mwamva, msika wa nsomba, m'mbali mwa msewu umene pulezidenti Charles Taylor ankadutsa, tsiku ndi tsiku, dzuwa mvula iwo ali pomwepo kuimba ndi kupemphera mpaka mu April Taylor anavomera kukumana nawo. Zokambirana zitayamba ku Accra ku Ghana, azibambo a mbali zomenyanazo nkumangozengereza kwinaku anthu akufa kwawo, amayi anakatseka makomo a holo atakolana mikono kuti palibe atuluke osagwirizana, ndipo achitetezo atafuna kuwagwira mayi Gbowee anaopseza kuti avula pomwepo. Inu amayi mukudziwa kulemera kwake kwa mayi wamkulu kuvula pagulu, amuna aja anabwerera m'mbuyo. Pa 11 August Taylor anatula pansi udindo, pa 18 August pangano linasainidwa.

Kuno ku Nkhotakota Asilamu ndi Akhristu timagula nsomba pagombe limodzi, timakwatirana, maliro timalira limodzi, ndiye chimene amayi aja anavutikira kumanga ife tili nacho kale, kungoti sitinachigwiritsepo ntchito pa nkhani ngati iyi. Ndipo musaiwale kuti dziko lino linasinthapo popanda nkhondo, kalata ya maepiskopi ija inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992, pofika 14 June 1993 tinali pamzere kuvota pa riferendamu.

Za malamulo mwachidule. Gawo 38 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere, wopanda zida. Chofunika nkulemba kalata yodziwitsa a DC osachepera maola 48 tsikulo lisanafike, ndipo a polisi adziwe njira imene mudutse.

Apa ndiyankhule ndi inu achinyamata, ndipo ndikuyankhula ngati kholo. Pa 20 July 2011 anthu anatuluka ndi madandaulo enieni, mafuta kusowa, ndalama zakunja kusowa, koma mapeto ake anthu pafupifupi 20 anafa, ambiri ku Mzuzu. Munthu sungapite kokana nkhondo mwala uli m'thumba, akangoswa shopu imodzi mawa lake wailesi ikamba za shopuyo, uthenga wanu waiwalika. Nchifukwa chake gulu lisanatuluke pamafunika anthu odziwika ovala chizindikiro oyenda m'mbali, oti akaona wina watola mwala amugwire dzanja mwaulemu nkumutulutsa, pamafunika madzi akumwa, pamafunika munthu mmodzi woyankhula ndi a polisi, ndi kalata imodzi yolembedwa bwino imene ikunena chinthu chimodzi chomveka, monga kuti nkhani ya nyanja ithere pa tebulo ndipo phungu wathu akanene zimenezo ku Nyumba ya Malamulo.

China ndi mafoniwa. Mu 2012 WhatsApp inali isanafale m'midzi muno, lero uthenga woti akuti asodzi athu awomberedwa utha kuzungulira boma lonse nsima isanapse, chithunzi chake mwina cha dziko lina. Ukalandira zotere usatumize, yamba waimbira wa komiti ya pagombe kapena a mfumu a kumeneko umve ngati zachitikadi. Mkwiyo wa nkhondo umayambira m'mphekesera zoterezi, ndiye gulu lathu likhale ndi anthu awiri atatu amene ntchito yawo ikhale yofufuza basi.

Ndiye lero sitiguba. Ndapempha mlembi atsegule kope, tikufuna anthu awiri ochokera kumzikiti, awiri kutchalitchi chilichonse, amayi awiri ogulitsa nsomba, asodzi awiri, achinyamata awiri. Aliyense sabata ino akayankhule ndi anthu asanu, Loweruka likudzali 2 koloko tidzakumanenso pompano timve zimene anthuwo anena. A gulupu, ngati mwalola, amayi ayambe ndiwo kulembetsa.