Manambala a Katswiri Wogonetsa Odwala: Amatiuza Chiyani?

Moni nonse amene mukuonera. Munthu akagonekedwa pa bedi la opaleshoni, pamakhala dokotala wina amene satchulidwa kawirikawiri. Amaima chakumutu, maso ali pa makina, kuyang'anira kupuma ndi kugunda kwa mtima. Ndiye amakugonetsani, ndiyenso amakudzutsani. Ena mwa madokotala amenewa amachitanso kafukufuku, ndipo lero tiona mmene ntchito yawo yofufuzayo imayezedwera.

Tsegulani tsamba la katswiri wotere pa Google Scholar kapena Scopus, malo a pa intaneti amene amasonkhanitsa zolemba za ofufuza. Mupezapo chiwerengero cha mapepala amene anasindikiza m'magazini a sayansi monga Anesthesiology kapena British Journal of Anaesthesia. Mupezanso kuti ofufuza anzake atchula kangati mapepala akewo m'zolemba zawo. Mwambo wowerenga kutchulidwa kotereku unakula ndi Eugene Garfield, amene anatulutsa Science Citation Index, kaundula woonetsa amene atchula mapepala a sayansi, mu 1964.

Ndiye pali nambala imene imazunguza anthu mitu, h-index. Anaiyambitsa Jorge Hirsch mu 2005. Tiyerekeze kuti katswiri ali ndi h-index ya 20. Zikutanthauza kuti ali ndi mapepala 20 amene lililonse latchulidwa ka 20 kapena kuposapo. Akhale ndi pepala limodzi lokha lotchulidwa ka 5,000, h-index yake ikhalabe 1. Alembe mapepala 300 oti palibe wowatchula, ikhala ziro. Nambalayi imafuna zonse ziwiri, kulemba zambiri komanso kumvedwa ndi anzako.

Mpaka apa zikumveka bwino. Koma tamverani nkhani iyi, chifukwa inachitika mu ntchito yomweyi yogonetsa odwala.

Ku Japan kunali dokotala Yoshitaka Fujii, amene ankalemba kwambiri za mankhwala oletsa nseru ndi kusanza munthu akadzuka ku opaleshoni, makamaka granisetron. Mapepala ake ankatuluka motsatizana, anthu n'kumawatchula. Mu 2000 ofufuza a ku Germany anadandaula kuti zotsatira zake zinali zosalala mopitirira muyezo: odwala omva mutu ankapezeka ofanana chiwerengero pafupifupi m'gulu lililonse, chinthu chovuta kuchitika ndi anthu enieni. Dandaulolo silinapite patali, ndipo mapepala anapitiriza kutuluka. Mu 2012 John Carlisle, dokotala wogonetsa odwala wa ku England, anatenga kafukufuku 168 wa Fujii n'kusanthula zinthu wamba monga zaka, msinkhu ndi kulemera kwa odwala. Manambalawo sankabalalika mmene amabalalikira odwala akagawidwa mwachisawawa. Chaka chomwecho bungwe la madokotala ogonetsa odwala ku Japan linapeza kuti mapepala 172 anali ndi zotsatira zopeka.

Chimene chimandiwawa pa nkhaniyi n'chakuti zaka zonsezo manambala a munthuyu ankangokwera. Makina owerengera sadziwa ngati pepala likunena zoona. Sadziwanso ngati wolitchula akuliyamikira kapena akulitsutsa, zonse amangowonkhetsa. Pamene kuseri kwa mapepalawo kuli madokotala amene amawawerenga posankha mankhwala oti apatse munthu wogona amene sangadziyankhulire.

Choncho mukaona nambala yaikulu, funsani mafunso. Dzina lake lili poyambirira pa pepalalo, kapena lili pakati pa mayina 40? Akumutchula ndi ena, kapena akudzitchula yekha? Wakhala zaka zingati pa ntchito? Pajatu h-index imakula ndi zaka, ndiye si chilungamo kuyerekeza wongoyamba kumene ndi pulofesa wa imvi. Musamuyerekezenso ndi wofufuza za khansa kapena matenda a mtima, kumene olemba ndi otchulana ndi ochuluka zedi.

Palinso china chimene manambala sachigwira n'komwe. Virginia Apgar anali dokotala wogonetsa odwala ku Columbia University ku New York, ndipo ankagwira ntchito kwambiri m'chipinda chochilira amayi. Mu 1953 anasindikiza pepala lalifupi lofotokoza njira yoyezera mwana wongobadwa kumene, pakangotha mphindi imodzi. Zoyang'ana ndi zisanu: kugunda kwa mtima, kupuma, mphamvu za minofu, mmene mwana akuchitira akakhudzidwa, ndi maonekedwe a khungu. Chilichonse chimapatsidwa 0, 1 kapena 2, zonse pamodzi n'kufika 10. Njirayi inachititsa kuti m'chipindamo mukhale munthu woyang'anitsitsa mwanayo nthawi yomweyo, kuti wofooka athandizidwe msanga.

Pepala la Apgar latchulidwa kambirimbiri m'magazini, inde. Koma usiku uno mzamba wina anyamula khanda, aliyang'ana, n'kulemba pa fayilo kuti Apgar 8. Pakatha mphindi zisanu aliyezanso n'kulemba 9. Zimenezo Scopus sidzaziwerenga.